London mpaka Sydney: tidzere ku Singapore, ku Dubai kapena ku Perth?

Kuchokera ku London kukafika ku Sydney, mtunda wake mukauyeza molunjika ndi makilomita pafupifupi 17,000. Kwa zaka zonsezi ndege za pa njirayi zakhala zikutera penapake zisanafike. Mu 1947 ndege za Qantas, kampani ya ndege ya ku Australia, zinkatenga masiku anayi, zikuima ku Cairo, Karachi, Calcutta, Singapore, Darwin ndi kwina. Lero zimaima kamodzi, ndipo wogula tikiti amasankha yekha poimapo.

Mukaphatikiza makilomita, njira zitatuzi n'zofanana ndithu: kudzera ku Singapore ndi pafupifupi 17,200, ku Dubai 17,500, ku Perth 17,800. Pa ulendo wotha usana ndi usiku, kusiyana kumeneko thupi silikudziwa. Limadziwa malo amene ulendowo waduliridwa.

Ku Dubai mumafika patangotha maola 7, musanatope n'komwe. Mukakweranso m'pamene ntchito imayamba, chifukwa kwatsala maola pafupifupi 14 mutakhala pampando umodzi. Chakumapeto mapazi amakhala atatupa, nsapato zimene munavula zikukana kulowa, mwana wolira uja wayambiranso. Ubwino wake ndi wakuti Emirates, kampani ya ndege ya ku Dubai, ili ndi ndege zambiri, kotero nthawi yonyamukira mumasankha momasuka.

Njira ya ku Singapore imayamba ndi chovutacho. Maola 13 oyamba mumawapirira mphamvu zikadalipo, kenako mumatsika pa bwalo la Changi, pamene pali minda ya maluwa ndi malo osambira, mukuwongola msana. Otsalawo ndi maola 8 okha. Ine ndimaikonda njira imeneyi, ndipo amene akuyenda ndi ana kapena ndi munthu wachikulire ndingamulimbikitse yomweyi, bola aone pa tikiti kuti nthawi yodikira pakatipo ikukwana kusamba ndi kudya modekha.

Ya ku Perth inayamba mu Marichi 2018, pamene Qantas inaika ndege ya Boeing 787-9 youluka makilomita pafupifupi 14,500 osatera, maola 17 kapena kuchepera pang'ono. Kwa wopita ku Perth komweko palibe ina yoposa. Wa ku Sydney amatera ali kale m'dziko la Australia, amaonetsa pasipoti, katundu wake amaunikidwa, ndiye n'kukwera ndege ina ya maola anayi atatheratu.

Yodzera ku Los Angeles isakukopeni ngakhale itatchipa. Imapitirira makilomita 20,000, ndipo dziko la America limafuna visa kapena chilolezo cha ESTA ngakhale kwa munthu wongosintha ndege.

Poyerekeza matikiti, yang'ananinso maola a ulendo wobwerera. Kumwamba kumene ndege zimauluka kuli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, imene imakankha ndege popita ku Sydney koma pobwerera imalimbana nayo. Mtunda ndi womwewo, koma wobwerera ku London amakhalitsa m'mwamba ndi ola limodzi kapena kuposa, ndipo wodzera ku Perth maola owonjezerawo amamupeza ali pampando womwe uja.