Sale ya kumapeto kwa chisanu ku Joni: zonyamula ndi zosiya pa shelefu

Kuyambira chakumapeto kwa Julaye mpaka mu Ogasiti, masitolo akuluakulu a mu Johannesburg amafiira ndi zikwangwani za mitengo yotsitsidwa. A Edgars adazolowera kuitchula Red Hanger Sale, a Woolworths amati Quality Sale, ndipo PEP, Ackermans, Jet, Mr Price Home ndi Sheet Street nawo amachotsa katundu wawo m'masabata omwewo. Chifukwa chake n'chosabisika. Zovala za nyengo yotentha zafika, mashelefu akufunika, choncho majuzi, majekete ndi mabulangeti ayenera kutuluka ngakhale phindu lichepe. Kwa munthu wogulira abale kumudzi kapena wowoda zokagulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe, ubwino wake ndi wakuti nyengo za mayiko awiriwa zimayendera limodzi. Juzi yogulidwa mu Ogasiti ikadikira m'sutikesi mpaka Meyi, ndipo ikagwira ntchito m'chisanu cha ku Dedza kapena ku Mzuzu popanda chovuta.

Sale imeneyi ndi yabwino, koma si pa katundu yense. Mawu aang'ono akuti "up to" amene amalembedwa pamwamba pa 50% amatanthauza kuti zinthu zochepa zokha ndizo zafika pa theka la mtengo, zambiri zatsika pang'ono chabe. Mitengo imatsikanso pang'onopang'ono. Sabata yoyamba kuchotsera kumakhala kochepa koma masaizi onse alipo. Pofika kumapeto mtengo wagwa kwambiri, koma chatsala ndi XS, XXL ndi mitundu imene aliyense waikana. Zovala gulani koyambirira. Mashiti apabedi, matawulo ndi makatani mutha kudikira, popeza sizitha msanga ngati mabuluku a saizi 32 ndi 34.

Gawo limene ndalama imagula zenizeni ndi la zapabedi, ndipo ndi pomwenso anthu amalakwitsa kwambiri. Mabedi a ku South Africa ali ndi miyeso yokhazikika m'lifupi: single ndi masentimita 91, three-quarter 107, double 137, queen 152, king 183, ndipo m'litali ambiri ndi 188. Kwathu timawerenga mafiti, ndiye double ndi ija ya mafiti anayi ndi theka, queen ndi ya asanu, king ndi ya asanu ndi limodzi. Vuto limabwera pa bedi lokhomedwa ndi kalipentala, amene matiresi ake nthawi zina sagwirizana ndi muyeso uliwonse wa m'sitolo. Uzani wakunyumba ayeze ndi tepi m'lifupi, m'litali ndi kuchindikala kwa matiresi musanagule shiti yokhala ndi lasitiki m'makona. Ikachepa ndi masentimita asanu okha imavuka usiku uliwonse, ikakula imakhwinyata pansi pa msana. Ngati palibe woyeza, tengani shiti yoyala wamba yopanda lasitiki, imeneyo imalowa paliponse.

Nsalu yake ndiye nkhani yaikulu. Paketi ikalembedwa microfibre, dziwani kuti nthawi zambiri ndi polyester yekhayekha. Imaoneka yosalala, imauma msanga, siivuta kusita, ndipo ndiyo imatsika mtengo kwambiri. Koma siyamwa thukuta. Munthu wa ku Nsanje, Chikwawa, Salima kapena Mangochi akaiyala mu Okutobala adzadzuka atanyowa ngati wagona papulasitiki. Polycotton, yosakaniza thonje ndi polyester, ndi yapakatikati ndipo imapirira kuchapa ndi manja. Thonje lenileni, lolembedwa 100% cotton, ndilo loyenera kusakasaka pa sale, chifukwa masiku ena onse mtengo wake umaluma. Apa Woolworths ndi amene amapambana anzake: zapabedi zawo zathonje zikatsika zimayandikira mtengo wa polycotton wa kwina, ndipo kusiyana kumamveka m'manja. Nambala ya thread count, yosonyeza kuthithikana kwa ulusi mu nsalu, musaitengere kumtima. Pafupifupi 200 pa thonje ndi yokwanira. Nambala yaikulu pa nsalu ya polyester sisintha kuti ndi polyester. Tsegulani kona ya paketi ngati n'kotheka, yang'anitsani nsaluyo ku getsi. Mukaona kuwala kukudutsa m'timabowo, idzathetheka pakati chaka chisanathe.

Zikuto za duveti zili ndi msampha wake. Chithunzi cha pa paketi chimaonetsa bedi lodzaza ndi mapilo asanu, koma m'kati mumakhala chikuto ndi zikuto za mapilo ziwiri basi, kapena chimodzi ngati ndi ya single. Duveti yeniyeni yolowa m'katimo imagulidwa payokha, ndipo iyenera kufanana saizi: double ndi 200 kwa 200, queen ndi 230 kwa 200, king ndi 230 kwa 220. Ambiri afika nacho chikuto kumudzi n'kupeza kuti anyamula thumba lopanda kanthu. Comforter ndiyo imabwera yosokedwa kale ndi zam'kati, koma ganizirani wochapa: kuifinya ndi manja pa mjigo ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo ikauma mochedwa imanunkha chinyezi.

Mabulangeti amatsika bwino, makamaka kumapeto kwa Ogasiti. Kokani ubweya wake pang'ono ndi zala. Ukatsalira m'manja, lidzadzaza nyumba ndi ubweya ndipo lidzatuluka timibulu. Onani mpendero wa m'mphepete, chifukwa ndi umene umayamba kumasuka. Tawulo litengeni m'manja mumve kulemera. Lopepuka koma lofewa kwambiri nthawi zambiri lafewetsedwa ndi mankhwala a ku fakitale amene amachoka pa kuchapa koyamba. Likalembedwa kulemera kwake, la magalamu 450 mpaka 550 pa sikweya mita limayamwa bwino ndipo limauma pa chingwe tsiku lomwelo.

Makatani osokeratu amafuna masamu pang'ono. Kutalika kofala ku South Africa ndi masentimita 218, ndipo ataliatali ndi 250. Katani yokhala ndi tepi yokoka pamwamba imafuna nsalu yokwana kawiri kapena kawiri ndi theka m'lifupi mwa chitsulo chopachikapo, apo ayi imalendewera ngati shiti yoyanikidwa. Chitsulo cha mamita awiri chimafuna nsalu ya mamita anayi kapena asanu. Pa sale pamatsala katani imodzi ya mtundu uwu, ziwiri za mtundu uwo, ndiye werengani mawindo kaye, ndipo yerekezani mapaketi pamodzi chifukwa mtundu wa dzina limodzi umatha kusiyana pang'ono ngati sunanyikidwe tsiku limodzi. Katani yachitatu yosowayo simudzaipezanso.

Ku zovala, za ana ndizo zopindulitsa. PEP ndi Ackermans ndi otchipa kale, choncho kuchotsera kwawo pa chovala chimodzi ndi marandi ochepa, koma pa ana anayi zimaoneka. Gulani saizi ya chaka chamawa: mwana wa zaka 5 lero mtengereni ya 6 mpaka 7, poti adzaivala patapita miyezi isanu ndi inayi. Masaizi a amayi amasokoneza chifukwa masitolo ena amalemba 8, 10, 12, ena 32, 34, 36, ndipo ndi chinthu chimodzi: 32 ndi 8, 34 ndi 10, 36 ndi 12, 38 ndi 14. Nsapato zimatsata manambala a ku Britain, osati a 39, 40, 41 amene timawaona pa nsapato zambiri za pa kaunjika. Yankho losalephera ndi kumuuza mwiniwake aponde papepala, ajambule phazi, ayeze masentimita.

Chovala cha pa sale chagwidwa ndi manja ambiri ndipo chayesedwa kangapo, ndiye chitembenuzeni. Tsegulani ndi kutseka zipi kawiri mpaka pansi. Kokani msoko wa m'khwapa ndi wa pakati pa buluku. Ulusi ukaonekera ngati makwerero, udzaphulika. Werengani mabatani. Yang'anani m'khosi mwa bulauzi ngati mulibe zodzoladzola za amene adayesa. Juzi ya acrylic imafunda ndipo ndi yopepuka kunyamula, koma imatuluka timibulu m'mbali momwe mkono umakhuza, ndipo ikayanikidwa cholendewera imatalika n'kutaya maonekedwe. Iyalidwe pansi poumitsa. Majekete achikopa chabodza asiyeni ngakhale atsike motani. Akakhala m'sutikesi yotentha kuyambira Seputembala mpaka Meyi, khungu lake limasuwa ngati la njoka musanawavale n'komwe. Edgars ndi wabwino pa majini, nsapato ndi malaya a maina odziwika, amene masiku wamba sagwirika, koma pa katundu wa m'nyumba alibe zambiri zoti n'kupitira.

Nsalu zosoketsa ndiye pofooka pa sale yonseyi. Masitolo amenewa sagulitsa nsalu yoyeza pa mita. Wofuna zimenezo apite ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene kuli masitolo ambiri a nsalu ndi makatani ndipo mtengo umatha kunenereredwa. Kumeneko chosowa kwathu ndi shweshwe, nsalu yathonje ya timaluwa ting'onoting'ono. Yeniyeni ya Three Cats, yopangidwa ndi Da Gama Textiles ku Eastern Cape, imakhala ndi chidindo kuseri kwake, imakhala yolimba gwa ndi sitachi ndipo ili ndi kafungo kake. M'lifupi ndi masentimita 90 okha, yopapatiza kuposa chitenje, ndiye telala adzafuna mamita ochulukirapo kusiyana ndi mmene adazolowerera. Ichapeni kaye musanaidule chifukwa imabwerera pang'ono ndipo imachucha utoto pa kuchapa koyamba. Zitenje musavutike nazo; kunyamula chitenje kuchokera ku Joni kupita nacho ku Malawi n'kusenzera nkhuni kunkhalango.

Za kukhitchini zimafuna kukumbukira moto umene zikakhalepo. Mapoto opakidwa zakuda m'kati kuti chakudya chisamamatire amakongola, ndipo seti yake imatsika mtengo mokopa. Pa mbaula sachedwa. Moto wa makala umadutsa m'mbali n'kusungunula zogwirira zapulasitiki, ndipo tsiku limene wina adzakokota nkhoko za nsima ndi supuni, chopakacho chayamba kusupuka. Poto wa aluminiyamu wochindikala, ngati aja a Hart, kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri wokhala ndi zogwirira zachitsulo zokhomedwa ndi misomali, ndi amene amapirira mthiko. Gogodani pansi pake: wolira ngati chitini ndi wopyapyala, adzapsereza ndiwo n'kupindika. Seti ya mbale itsegulitseni pa kauntala muwerenge chimodzichimodzi, chifukwa mabokosi a pa sale ndi omwe amakhala ndi kapu yobenthuka kapena yosowa. Mabeseni ndi ndowa zapulasitiki zisiyeni, zimadya malo m'basi ndipo kwathu zilipo.

Ketulo, ayironi ndi hita zili ndi vuto limodzi lomwe silionekera m'sitolo. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana m'mayiko awiriwa, mavoti 230, koma pulagi ndi yosiyana. Ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, pamene soketi za ku Malawi ndi za mano atatu amakona ngati za ku Britain. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi ma amp 9, ndipo adaputa yotchipa imatentha, kuda, kenako kusungunuka. Njira yabwino ndi kudula pulagiyo n'kuikapo yamakona yokhala ndi fyuzi ya ma amp 13: waya wabulauni ku L, wabuluu ku N, wobiriwira ndi chikasu ku E. Koma yesani kaye chipangizocho muli konko, popeza mukadula chingwe sitolo ikhoza kukana kuchilandira.

Pa thilu yang'anani sikirini. Zimachitika kuti chomata chofiira chili pa chovala koma makina akuwerenga mtengo wakale, ndipo kuchotsera kwina kumagwira okhawo ali ndi khadi ya sitoloyo. Lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, silola sitolo kulipiritsa kuposa mtengo woonetsedwa, kupatula ngati pali kulakwitsa koonekeratu. Lamulo lomwelo limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wopezeka ndi vuto, ndipo wogula ndi amene amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Katundu wa pa sale salandidwa ufulu umenewu, pokhapokha vutolo mudauzidwa musanagule. Chimene lamulo silikakamiza ndi kulandira chinthu chabwinobwino chifukwa choti saizi yalakwika kapena mwasintha maganizo. Izo zili kwa sitolo, ndipo zovala zam'kati kawirikawiri sizibwezedwa. Lisiti ijambuleni pa foni tsiku lomwelo, inki yake imafufutika ikakhala m'thumba lotentha. Akakunyengererani kutsegula akaunti yangongole kuti akuchotsereni zina, kumbukirani kuti chiwongoladzanja chimatha kudya zonse zimene sale yakupatsani.

Mlendo wosakhala ku South Africa angathe kupempha kubwezeredwa msonkho wa VAT wa 15% potuluka, ngati katundu yense wapitirira R250, ali ndi ma tax invoice (malisiti osonyeza msonkhowo), ndipo akutuluka naye pasanathe masiku 90. Maofesala a pa chipata amafuna kumuona katunduyo, ndiye asakhale pansi penipeni pa chikwama. Pa basi yodzera ku Beitbridge zimenezi zimafuna nthawi imene dalaivala sakhala nayo nthawi zonse. Pa bwalo la ndege la OR Tambo n'zosavuta.

Mtengo weniweni wa chinthu ndi umene chafika nawo pakhomo. Tinene kuti bulangeti linali R600 ndipo mwaligula R350. Pa R250 mwapulumutsayo chotsanipo ya wonyamula katundu, amene amawerengera kulemera kapena kukula kwa chikwama, ndi msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza kapena Dedza ngati katunduyo wapyola wololedwa kulowa ulele kapena akuoneka kuti ndi wamalonda. Bulangeti lalikulu limodzi limadzaza malo a mashiti athonje khumi kapena majuzi a ana khumi ndi asanu. Duveti ndi mapilo zimachepa zikaikidwa m'matumba opopa mpweya aja, koma kulemera sikusintha. Malisiti onse akhale m'thumba la pa thupi, osati m'chikwama chimene chili m'ngolo ya basi, chifukwa pa chipata wopanda lisiti amauzidwa mtengo wa katundu wake ndi ofesala.