Lichess kwa munthu wamkulu wofuna kukwera pa chess

Munthu amene wayamba kulimbikira chess ali wamkulu kale, ntchito ili apa banja lili apo, akapeza ola limodzi madzulo ndiye kuti tsikulo lamukomera. Lichess, webusaiti yosewerera chess, tiyiyeza ndi ola limenelo.

Webusaitiyi anaiyambitsa Thibault Duplessis wa ku France mu 2010. Ndi yaulere yonse, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imayenda ndi ndalama zimene anthu amapereka mwa kufuna kwawo. Wopereka ndi wosapereka amagwiritsa ntchito zida zofanana.

Vuto lake limayambira patsamba loyamba. Mabatani a 1+0 ndi 3+0, magemu amene aliyense amakhala ndi mphindi imodzi kapena zitatu zokha, ali poyandikira kwambiri, mukangodina, mnzanu wosewera naye wapezeka. Ola limatha ndi magemu khumi, onse osaganiza, dzanja likungobwereza zolakwa za dzulo. Wamkulu sangapose mwana pa liwiro la dzanja, koma pa kuleza mtima angathe. Sankhani 15+10, kapena 30+20 tsiku lopuma. Nambala yachiwiriyo ndi masekondi amene amawonjezeredwa mukangoyendetsa, ndiye gemu imene mwaipambana pabolodi siikuthawani chifukwa cha wotchi. Yatsaninso Zen mode, imabisa rating ya mnzanu (nambala yosonyeza mphamvu zake pa chess) kuti musamanjenjemere kapena kumuderera.

Pamene Lichess ikuposa ndi pounika gemu ikatha, koma ambiri amalakwitsa ndondomeko. Amathamangira kuyatsa Stockfish, pulogalamu younika magemu, n'kuona zizindikiro ziwiri za ?? zosonyeza kulakwitsa kwakukulu, n'kugwedeza mutu, n'kuyamba gemu ina. Palibe chalowa. Yambani Stockfish ili yozima. Pezani malo atatu amene munakhalapo nthawi yaitali, lembani zimene mumaopa ndi zimene mumafuna kuchita. Mukatero pemphani kompyuta iunike, kenako dinani Learn from your mistakes. Imakubwezerani pomwe munalakwa n'kukuuzani mufunefune nokha njira yabwino isanakupatseni yankho. Chida ichi chokha n'chokwanira kutsegulira akaunti. Chofooka chake n'chakuti Stockfish siifotokoza chifukwa. Ikakuuzani kuti rook ipite ku d1, ntchito ndi yanu kuyesa njira inayo mpaka muone pamene ikugwera. Magemu amene mwaluza asungeni mu Study imodzi, malo osungira ndi kuunika magemu, yomwe imalola machaputala 64. Akakwana makumi awiri mudzaona nokha kuti cholakwa chake ndi chomwechomwecho, mwina hatchi yokudyerani ziwiri, mwina mfumu yotsekeredwa kumbuyo kwa ma pawn ake.

Ma puzzle ake amachokera m'magemu enieni oseweredwa pa webusaiti yomweyi, ndipo mutha kusankha mtundu umodzi, monga fork (chidutswa chimodzi kuopseza ziwiri) kapena pin (chidutswa kulephera kuchoka chifukwa chikutchinga china chofunika kwambiri), n'kuukhalira sabata yonse. Puzzle Dashboard imasonyeza mitundu imene ikukuvutani. Koma chenjerani: makina amakuuzani pompo ngati kuyendetsa koyamba kuli kolondola, ndiye munthu amazolowera kungoyerekeza. Musagwire mbewa ya kompyuta mpaka mutawerengera mzere wonse m'mutu, ndi mayankho onse a mdani. Ma puzzle asanu otere amaposa makumi asanu ongolota. Puzzle Storm ya mphindi zitatu ndi yotenthetsera mutu basi.

Gawo la Practice anthu amalidumpha, chonsecho muli malo a Lucena ndi Philidor, maziko a mathero a rook ndi pawn. Pa Philidor, woteteza amaika rook pamzere wachitatu kuchokera kumbali yake, pawn ikangofika pamzerewo rook imathawira kumapeto n'kumavutitsa mfumu kuchokera kumbuyo. Wochotsa rook msanga amaluza gemu yofunika kulepherana. Zidutswa zikatsala zisanu ndi ziwiri kapena kucheperapo, tablebase, nkhokwe ya mathero owerengeredwa kale ndi kompyuta, imakupatsani yankho lenileni, lopanda kukayika.

Opening explorer, yosonyeza mmene anthu amayambira magemu, ndi yabwino, koma ndi dzenje lomeza nthawi. Onani pamene inu munapatukira pa njira yodziwika m'gemu yanu, phunzirani kuyendetsa kumodzi kapena kuwiri kowonjezera, tsekani.

Rating ya pano musaitenge ngati ya FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse. Lichess imawerengera ndi njira yotchedwa Glicko-2, aliyense amayambira pa 1500, ndipo nambala yake kawirikawiri imakhala pamwamba pa imene mungapeze pa mpikisano wa maso ndi maso. Pali zinanso zimene kompyuta siingakuzoloweretseni. Pabolodi yeniyeni mukagwira chidutswa mwadala muyenera kuchiyendetsa, mumalemba nokha kuyendetsa kulikonse, mumadinanso wotchi ndi dzanja lomwe mwasewerera. Maso ozolowera sikirini amaphonya bishopu woima kutali pakona. Mpikisano ukayandikira, yalani bolodi patebulo, sewerani 30+20 mukuyendetsa zidutswa pabolodipo ndi kulemba papepala, ndipo premove, yokulolani kuyendetseratu mdani asanasewere, muizimitse m'ma settings.