Namespace, Rancher kapena vCluster: mpanda uti umatchingadi pa Kubernetes?

Matimu angapo akakhala pa cluster imodzi ya Kubernetes (gulu la makompyuta otchedwa node oyendetsa mapulogalamu limodzi), chofunika kudziwa ndi chakuti mmodzi akabedwa token (kiyi yolowera), wakubayo afika mpaka pati.

Njira yotchipa ndi kupatsa timu iliyonse namespace yake (chigawo cha cluster) ndi RoleBinding (yopereka zilolezo m'chigawomo). Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Munthu amene mwamulola kupanga pod (kagawo koyendetsera pulogalamu) angathe kulumikiza Secret (mosungira zinsinsi) iliyonse ya mu namespace imeneyo, ndiponso kuyendetsa pod yake ndi service account (akaunti ya mapulogalamu) iliyonse ya mmenemo, ngakhale simunamupatse chilolezo chowerenga Secrets. Chilolezo cha list nacho chimatulutsa zamkati mwa Secret, osati mayina okha. Popanda NetworkPolicy (malamulo a netiweki) ma pod onse amalankhulana, ndipo Flannel, pulogalamu yolumikiza ma pod, payokha siitsata malamulo amenewo. PodSecurityPolicy, imene inkaika malire pa ma pod, inachotsedwa mu Kubernetes 1.25, choncho ikani mulingo wa restricted (wokhwima kwambiri) wa Pod Security Admission, imene inalowa m'malo mwake, pa namespace iliyonse. Mukapanda kutero, pod yokhala ndi hostPath (njira yofikira disiki ya node) iwerenga mafayilo a node. Musapereke zilolezo za escalate, bind kapena impersonate kwa timu iliyonse, chifukwa zimalola munthu kudzionjezera mphamvu.

Rancher, pulogalamu yoyang'anira ma cluster, imaika ma namespace m'gulu lotchedwa Project, ndipo izi zimapeputsa ntchito yogawa maudindo. Koma Rancher yomweyo imasunga makiyi a ma cluster onse amene ikuyang'anira. Pa vuto la chitetezo lotchedwa CVE-2021-36782, zinsinsi monga token ya service account zinkasungidwa zosabisika, moti ngakhale membala wamba wa Project ankatha kuziwerenga. Vutoli linakonzedwa mu Rancher 2.5.16 ndi 2.6.7, koma amene anangokweza version osasintha ma token akale anatsala pangozi.

vCluster, imene inapangidwa ndi Loft Labs, imapatsa timu iliyonse API server (khomo lolamulira cluster) yakeyake, motero timuyo imaika ma CRD ake (mitundu ya zinthu yoonjezera ku Kubernetes) osakhudza anzake. Pa RBAC (kagawidwe ka zilolezo), iyi ndi yolimba kuposa namespace ndi Project ya Rancher. Komabe, mukapanda kuipatsa node zakezake, ma pod amakayenda pa node za cluster yaikulu, pa kernel (mtima wa operating system) imodzi ndi a ena.

Kwa matimu a kampani imodzi, namespace yotchingidwa bwino ndi yokwanira, bola muziyesa zilolezo ndi lamulo la kubectl auth can-i --list --as pa akaunti iliyonse. Makasitomala osadziwana ayenera vCluster yokhala ndi node zawozawo, kapena cluster yosiyaniratu, ngakhale ndalama zake zichuluke.