Batire la LiFePO4 la 100Ah: ndi labwino, koma voltmeter ikunamizani

Batire la lithium limeneli ndalipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndakhala nalo miyezi isanu ndi itatu m'kathirela kanga kogonamo, komwe ndimakakoka ndi galimoto tikamapita kukagona kutchire.

Poyamba ndinali ndi batire la AGM (mtundu wina wa lead acid, mabatire a mtovu ndi asidi), nalonso la 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Kulemera kwake kunali pafupifupi makilogalamu 30, ndipo polinyamula msana unkachita kulira. Latsopanoli ndimalinyamula ndi dzanja limodzi, silipitirira makilogalamu 13. Chachikulu si kupepukako ayi. La AGM lija ukalitsitsa kupitirira theka limayamba kufooka msanga, ndiye kwenikweni ndinali ndi 50Ah basi. Ili ndimalimwa pafupifupi lonse. Kafiriji kanga kamadya 35Ah patsiku kukatentha, magetsi a LED ndi kutchaja mafoni zimawonjezera mwina 10Ah, choncho masiku awiri timakhala osadandaula ngakhale dzuwa litabisala, sola osatchaja.

Pamene ndinapusa ndi apa. Ulendo wachitatu, madzulo, voltmeter (kachipangizo koyezera voteji) inkaonetsa 13.0V. Ndinagona mtima uli m'malo. Chapakati pa usiku ndinadzidzimuka ndi bata: firiji zii, nyali zonse thii. BMS ya m'batiremo (kachipangizo koteteza batire) inali itadula moto kuti maselo asawonongeke. Batire la mtundu uwu voteji yake siyenda kwenikweni, imangokhala cha pa 13V mpaka litatsala pang'ono kutha, kenako imagwa kamodzin'kamodzi. Ndinagula shunt yowerenga ma amp olowa ndi otuluka, ndipo chiyambire pamenepo sindinagonenso mumdima. Kabuku kobwera nalo kanayenera kunena zimenezi patsamba loyamba, koma kali ndi masamba anayi okha, theka lake zithunzi. Nyenyezi imodzi yapita pamenepo.

Musaganizenso kuti waya wowonda wa pa pulagi ya thirela ulidzazitsa mukamayenda. Ine ndinayenda maola anayi, batire osasuntha n'komwe, chifukwa voteji imathera m'njira. Limafuna 14.2V mpaka 14.6V kuti lidzaze. Ndinakoka waya wonenepa wa 16mm² kuchokera ku batire la galimoto, n'kuikapo DC-DC charger ya 20A (chotchajira chomwe chimakweza voteji yochokera kugalimoto). Kontrola ya sola nayo muonetsetse kuti mwaiika pa lithium, osati pa lead acid. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi mutu wa positive, chifukwa batireli likachita shoti limatulutsa moto wochuluka moti waya utha kusungunuka.

Kwa omwe amagona kumapiri ozizira: silifuna kutchajidwa kukazizira kutsika pa 0°C. Langali limadzidula lokha, koma ena otchipa alibe chitetezo chimenechi, ndiye funsani musanalipire.

Mabawuti a M8 a pamitu yake ndi aafupi. Nditaika mawaya atatu pamutu umodzi, bawuti inangogwira timizere tiwiri, ndiye ndinasamutsira zonse pa busbar (kachitsulo kolumikizirapo mawaya ambiri).