Kanema wa Kamuzu wa pa flash: zithunzi ndi zabwino, koma nkhani ya Joni aidumpha

Kwa inu amene mwakhala mukufunsa za kanema wa mbiri ya Kamuzu Banda amene akuzungulira pakati pa Amalawi kuno ku Johannesburg, yankho langa ndi lakuti gulani, koma musayembekezere kuti zonse zilimo.

Ine ndinamupeza pa kashopu ka Mmalawi mnzathu ku Mayfair, komwe ndimagulako usipa ndi mpunga wa Kilombero mabasi akangofika kuchokera ku Blantyre. Flash ikakhala yawo ndi R60, ukabwera ndi yako akuikira pa R20. Achimwene ogulitsawo ndi munthu woona mtima: amayamba aitsegula pa laputopu iwe uli pompo, nkuithamangitsa mpaka kumapeto kuti uone kuti siiduka panjira. Kunyumba ndinangoilowetsa kumbuyo kwa TV, basi inayamba yokha. Kanemayo ndi wa maola pafupifupi awiri.

Chimene ndalama yako ikugwirira ntchito ndi zithunzi zakale. Tisaiwale kuti nthawi yonse ya ulamuliro wa Kamuzu ku Malawi kunalibe TV, inadzabwera mu 1999 iye atamwalira kale. Ambirife tinkamudziwira pa wayilesi ya MBC, pa chithunzi chopachika m'sitolo ndi m'ofesi iliyonse, pa nsalu za mbumba, ndi pa galimoto yodutsa ngati mphepo ife ana asukulu titaima padzuwa m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa. Ndiye kumuona akuyenda, akutsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, kenako zaka za pambuyo pake atavala suti, chipewa ndi magalasi akuda, litchowa lili m'manja, thupi limachita tsemwe. Pali malo ena akuyankhula pamsonkhano m'Chingerezi, womasulira ali pambali kutembenuzira anthu m'Chichewa, ndipo kamera yagwira amayi okhala kutsogolo akudikira kaye womasulirayo amalize asanayambe nthungululu. Kamphindi kameneko ndinakabwereza. Mwana wanga wobadwira kuno anafunsa kuti, "Adadi, pulezidenti wa kwanu samatha Chichewa?" Ndinamuuza kuti munthuyu anakhala kunja zaka zoposa 40, zina zonse akafunse agogo ake.

Gawo la ndale za ufulu alikonza bwino ndithu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland achifotokoza momveka, kumangidwa kwa pa 3 March 1959, ndende ya Gwelo, kutuluka mu April 1960, mpaka mbendera ya Atsamunda kutsika pa 6 July 1964. Apa palibe chodandaula, ndipo mwana wa sekondale atha kulemba nazo mayeso.

Vuto langa lili poti kanemayu tikumuonera ku Joni, koma Joni yemweyo amupatsa malo ochepa kwambiri. Kamuzu anachoka ku Kasungu ali mnyamata, wapansi, nakagwira ntchito pa chipatala ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu ku Zimbabwe. Kuchoka kumeneko anadzafika kuno, nagwira ntchito ya ukalaliki ndi kumasulira pa mgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Boksburg. Ndi kuno komwe analowa mpingo wa AME nakumana ndi Bishopu Vernon, amene anamutsegulira njira ya ku America mu 1925. Popanda zaka za pa mgodizo sipakanakhala udokotala wa ku Meharry mu 1937 kapena wa ku Edinburgh mu 1941. Anali mtchona, anagona m'dziko la eni, anadziwa fungo la kompaundi. Koma mu kanemayu zonsezi zangodutsa ndi zithunzi ziwiri za anthu osadziwika atavala zisoti za mu mgodi, wofotokoza nkunena chiganizo chimodzi, kenako tili kale ku Ohio.

Chachikulu chimene achibisa ndi ubale wake ndi boma la tsankho. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa, pomwe mayiko ena a anthu akuda ankaithawa. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa nthawi imeneyo, anapita ku Malawi mu 1970, Kamuzu nkubwera kuno mu August 1971 ngati mlendo wa boma. Ngongole yoyambira kumanga likulu la Lilongwe, limene linatsegulidwa mu 1975, inachokera ku Pretoria. Kaya mukuti anali wochenjera pofuna kudyetsa dziko losauka lopanda doko, kaya mukuti anagulitsa abale ake, nkhaniyi ndi yofunika kuikamba, makamaka kwa ife amene timafunsidwa ndi eni dziko m'ma taxi kuti, inu nthawi ya nkhondo yathu munali mbali iti? Kanemayu wangoonetsa Capital Hill ili phuliphuli, osanena kuti ndalama zinachokera kuti.

Ndinaonera limodzi ndi madala ena a ku Mzimba amene timakhala nawo mpanda umodzi. Iwowa anabwera kalekale pa Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ndipo sanabwererenso. Anakhala duu pa mpando, kapu ya tiyi ili pabondo, kudikira nkhani ya ndege ya Wenela (dzina lakale la Theba) imene inagwa ku Francistown mu April 1974 nkupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi. Ngozi imeneyo ndi imene inachititsa Kamuzu kuletsa kulemba anthu opita ku migodi, mpaka anadzatsegulanso mu 1977, kenako njirayo nkudzatsekekeratu cha m'ma 1988 pa mkangano woyeza anthu matenda a Edzi. Chaka cha 1974 chitafika, kanema anationetsa mbumba ikuvina ku stadium. Madalawo anangoika kapu pansi nati, "Mwana wanga, amenewa sanafunse anthu." Ine ndinati, "Bambo, mwina chili kutsogolo." Sichinabwere.

Ngakhale imfa ya Kamuzu aidutsa mwachidule, ati anamwalira ku South Africa. Chonsecho ndi pompano, pa chipatala cha Garden City ku Mayfair West, pa 25 November 1997, chipatala chomwecho chimene anamuchitira opaleshoni ya m'mutu mu 1993. Ambiri timadutsapo popita ku ntchito osadziwa.

Pa za nkhanza, ndisawanamizire, sanabise zonse. Kusemphana ndi nduna mu 1964 kulimo, ndipo mayina a Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa atchulidwa mwaulemu. Imfa za ku Mwanza mu May 1983 zilimonso: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, komanso kuti khoti linadzamupeza Kamuzu wosalakwa mu 1995. Kalata ya mabishopu ya mu March 1992 ndi referendamu ya pa 14 June 1993 azifotokoza bwino. Koma taonani amene akuyankhula: ambiri ndi akuluakulu ovala mataye amene anadya nawo bwino nthawi imeneyo, ndi aphunzitsi a ku yunivesite. Sindinaonemo mayi amene anabwezedwa pa chipata cha msika chifukwa analibe khadi la chipani, kapena wa Mboni za Yehova amene anathawira ku Mozambique mpingo wawo utaletsedwa mu 1967, kapena munthu amene anagona ku Mikuyu osazengedwa mlandu. Apayoniya awaonetsa akulima ndi kuguba basi. Pomwe Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yotsegulidwa mu 1981, aipatsa nthawi yaitali mpaka kutionetsa nyumba yowerengeramo mabuku kuchokera mbali zonse. Sukuluyo ndi yokongola, sindikukana, koma inalandira ana angati poyerekeza ndi amene anadutsa m'manja mwa apayoniya?

Za kamvekedwe: wofotokoza amamveka bwino, koma akayamba kuyankhula agogo ofunsidwa mafunso mawu amatsika, ndiye ukakweza, nyimbo ya pakati imabwera nkukugonthetsa m'makutu. Rimoti ikhale m'manja. Mawu olembedwa pansi ndi a Chingerezi ndipo amangobwera pamene munthu akuyankhula Chichewa. Pomwe pakuyankhulidwa Chingerezi palibe chomasulira, moti madala aja ndinkachita kuwauza ndine zimene azungu akale a boma akunena. Kwa ana obadwira kuno zimenezi zili bwino, koma ngati mukufuna kutumizira makolo kumudzi, pakhale wina wowamasulira. Pa foni zithunzi zakudazo zimaoneka mbuu, ndi bwino kuonera pa TV.

Pa khumi ndikupatsa zisanu ndi chimodzi, ndipo zambiri mwa izo ndi za zithunzi za pa Chileka ndi za misonkhano. Ngati kwanuko kuli wina amene anagwirapo ntchito ku migodi nthawi ya Wenela kapena Theba, muitaneni muonere limodzi, ndipo mukafika 1967 imitsani kanemayo mumupatse mpata akambe yekha.