Manganous, manganese(II) kapena Mn²⁺: tilembe chiti pa bolodi?

Aphunzitsi a kemisitiri kuno ku Lilongwe, makamaka amene tikukonzekeretsa ana mayeso a MSCE, timakumana ndi njira zitatu zolembera ion (atomu kapena gulu la maatomu lokhala ndi chaji ya magetsi) imodzimodzi, ndipo michere ya manganese ndiyo imaonetsa poyera mphamvu ndi kufooka kwa njira iliyonse.

Njira yakale imadalira mathero a dzina: -ous pa nambala ya oxidation (yowerengera ma electron amene atomu yapereka) yochepa, -ic pa yokulirapo. Manganous sulfate ndi MnSO₄, mchere wa pinki wotuwa umene umathiridwa m'munda nthaka ikaperewera manganese. Vuto lake n'lakuti mathero amenewa satchula nambala yeniyeni. Manganous ndi ferrous (ya iron) ndi +2, koma cuprous (ya copper) ndi +1, choncho mwana amangoloweza popanda chomugwirira. Komanso njirayi ili ndi malo awiri okha, pamene manganese amapezeka pa +2, +3, +4, +6 ndi +7. Tisaitaye kotheratu, poti mabotolo ena akale m'malabotale a sukulu akadali ndi mayina amenewa, koma tingoiphunzitsa kuti ana azitha kuwerenga.

Njira imene Alfred Stock anayambitsa mu 1919 imaika nambala ya Chiroma pambali pa dzina, ndipo kwa ine imaposa zinzake potchula mankhwala. MnCl₂ ndi manganese(II) chloride. Ufa wakuda umene mumaupeza mukang'amba batire ya tochi uli ndi MnO₂, manganese(IV) oxide, ngakhale kuti umenewu si mchere kwenikweni. Pamene njirayi imathandiza koposa ndi pa K₂MnO₄ ndi KMnO₄, mankhwala osiyana ndi potassium mmodzi yekha polemba, koma woyambayo ndi wobiriwira, manganate(VI), pamene wachiwiriyo ndi wapepo, manganate(VII), uja amagulitsa ku famase pa dzina la potassium permanganate. Kachidutswa kake kamodzi kokha kakagwera m'tambula ya madzi, mzere wapepo umayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka madzi onse kusintha mtundu.

Komabe nambala ya Chiroma si chaji, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amapunthwa. Mu MnO₄⁻ manganese ali pa +7, koma ion yonseyo ili ndi chaji ya 1− basi. N'chifukwa chake polemba equation palibe chingalowe m'malo mwa njira yachitatu, yoika chaji pamwamba: MnO₄⁻ + 8H⁺ + 5e⁻ → Mn²⁺ + 4H₂O. Ma electron asanuwo amachokera pa kutsika kwa manganese kuchoka pa +7 kufika pa +2, ndipo kutsikako kumaoneka ndi maso pamene mtundu wapepo ukuzimiririka. Malamulo a IUPAC, bungwe la padziko lonse loona za mayina a mankhwala, amafuna nambala patsogolo, chizindikiro pambuyo, ndiye kuti Mn²⁺, osati Mn⁺² kapena Mn⁺⁺ wa m'mabuku akale.

Njira yachitatuyi imavuta pa foni. Manotsi akamatumizidwa pa WhatsApp, timanambala tapamwamba timatsika pamzere, SO₄²⁻ n'kusanduka SO42-, mwana n'kumawerenga ngati pali ma oxygen 42. Pamenepo kuli bwino kulemba papepala n'kujambula chithunzi, kapena kungolemba dzina lonse, manganese(II) sulfate.