Zithunzi Zakale za Chikhristu M'kasitolo ka pa Nchalo

Pa Nchalo pali kasitolo kogulitsa makolona, mitanda ndi zithunzi zopatulika, ndipo chimene chinandikokera kumeneko ndi chithunzi cha Khristu chotchedwa Pantocrator (kutanthauza Wolamulira Zonse), chomwe chenicheni chake chimasungidwa ku nyumba ya amonke ya Catherine Woyera m'tsinde mwa phiri la Sinai. Chinajambulidwa pa thabwa m'zaka za m'ma 500 ndi utoto wosakaniza ndi phula la njuchi lotenthetsa, ndipo chinapulumuka pamene mafumu a ku Constantinople (mzinda umene lero ndi Istanbul) ankalamula kuti zithunzi zotere ziwonongedwe, popeza Sinai anali atachoka kale m'manja mwawo.

Ndinayamikira kwambiri kuti osindikiza sanasalaze nkhopeyo. Mayi wogulitsa anaphimba mbali imodzi ndi chikhatho, kenaka inayo, nati, “Taonani bambo, diso ili ndi lofatsa, koma ili likuweruza.” Kusiyana kumeneku kukuoneka bwino, pamodzi ndi buku la Uthenga Wabwino limene lili m'dzanja lamanzere.

Chithunzi cha M'busa Wabwino cha m'manda a pansi pa nthaka a Priscilla ku Rome sichinandikhutiritse, chifukwa chinatuluka mbuu ngati chaviikidwa m'madzi a Shire.

Vuto lalikulu ndi mafelemu. Ngakhale mtengo wake suboola m'thumba, guluu amene anamatira sapirira kutentha kwa kuno kuchigwa, moti pofika mu Okutobala ngodya imodzi ya felemu ya chithunzi chimene ndinagula inali itakanuka, ndipo ndinachita kupita kwa kalipentala kuti akhomerepo timisomali.